Kiliniki ya mafupa ya mtauni muno mu Zomba: anapeza fupa lothyoka pomwe ena anati ndangobinya

Anthu angapo akhala akundifunsa kuti phazi lija unakachiritsa kuti, ena ndimakumana nawo mumsika ndikuyenda motsimphina pang'ono, ena ndi anzanga a ntchito omwe analipo tsiku lomwe ndinagwa. Nde ndati ndilembe kamodzi zonse, zabwino ndi zomwe sizinandisangalatse. Dzina la kilinikiyo sinditchula chifukwa pali zina ndidandaula m'munsimu ndipo sindikufuna zioneke ngati ndikuipitsa anthu omwe anandithandiza, koma ndi kakiliniki kapulaiveti ka mtauni momwe muno komwe kamaona za mafupa ndi fizio, ija yophunzitsa chiwalo chovulala kugwiranso ntchito, amene ali ndi vuto akandipeza ndimulozera.

Ine ndine kalipentala, ntchito yanga yambiri ndi kukhoma madenga. Tsikulo tinali ku Matawale, tinalawirira kuti dzuwa lisatipeze pa malata, koma mukudziwa m'mawa wa ku Zomba kuno mame amakhala thoo, lata limaterera ngati mwapakapo sopo. Ndimati ndisunthe kuti ndilandire lata lina phazi linangoti tsere, ndinatsika kuchoka pamwamba pa khoma mwina mamita atatu, ndipo ndinafikira choimirira pa phazi lakumanja, zala zinapindikira m'mwamba kuloza ku msongolo thupi lonse litatsamira pamenepo. Ululu wake sunali wa pakhungu ayi, unali mkati mwenimweni mwa kakolo, ngati munthu wakhoma msomali wa 6 inchi kuchokera pamwamba. Pomwe anyamata amandivula nsapato phazi linali layamba kale kutupa.

Anandikweza pa kabaza kupita pa kachipatala kena kapafupi. Kumeneko anandigwiragwira pang'ono, anandifunsa ngati zala zikugwedera, ndinati eya, nde anati bambo mwangobinya, fupa likanathyoka simukanagwedeza chala. Anandimanga bandeji, kundipatsa mapilitsi a ululu, basi kazipitani mukapume masiku atatu. Mawu amenewo oti likanathyoka simukanagwedeza chala ndi bodza lomwe ambiri timalikhulupirira, ine ndinalikhulupiriranso, ndipo kunyumba mayi a ana anayamba kundithowa ndi madzi otentha m'mawa ndi madzulo, apongozi anabwera ndi mankhwala opaka, wina mpaka anati tikateme mphini kuti magazi oipa atuluke. Onse ankafuna kundithandiza, sindikuwanena. Koma tsiku lachinayi ndinali ndisakutha kuponda ngakhale masitepe awiri, phazi lada kuzungulira kakolo mpaka kuchidendene, usiku osagona.

Mlamu wanga ndi amene anati iyayi achimwene izi si zobinya, tiyeni mtauni.

Tsopano za kiliniki yomwe ndikunenayi. Chinthu choyamba chomwe ndinaona n'choti adokotala ake sanathamangire kulemba mankhwala. Ndi bambo wachikulire ndithu, clinical officer wa mafupa, ndipo apa ndinene kuti kuno kwathu mafupa ambiri othyoka amasamalidwa ndi anthu amenewa, maphunziro awo anayamba kale mu 1985 chifukwa madokotala akuluakulu a opaleshoni ya mafupa ndi ochepa m'dziko muno, nde musamawaderere mukamva kuti si dokotala wamkulu, manja awo agwira mafupa ambiri. Anandikhazika pa bedi, nkundifunsa kuti bambo tandiuzani bwinobwino munagwa bwanji, phazi linafika pansi litaloza kuti. Nditawaonetsa ndi dzanja mmene zala zinapindikira m'mwamba nkhope yawo inasintha. Anayamba kudina malo amodziamodzi, fupa la kunja kwa kakolo, la mkati, chidendene, kenako anadina kutsogolo pomwe phazi limakumana ndi mwendo, pomwe pamakhala lilime la nsapato paja, ine ndinakuwa. Anagwiranso pamwamba pa phazi kumvetsera ngati mtsempha ukugunda, nkundikanda zala kufunsa ngati ndikumva. Zonsezi kuchipatala choyamba kuja sanachite.

Anandijambula X-ray mbali zingapo, ina anachita kundipendeketsa phazi mwapadera kuti khosi la fupalo lioneke. Filimu itatuluka anaiyika pa galasi lowala nkundiitana kuti ndione nawo. Kunena zoona ine sindinaone kanthu, iwo anati pali kamzere kokayikitsa apa koma X-ray pa fupa ili imanamiza, mafupa amaphimbana, ndikufuna mukajambulitse CT, makina oona mkati mwa fupa mozama kuposa X-ray, ndisanaganize chochita. Anandiika chikhakha cha theka, chakumbuyo kokha, choti phazi likhale ndi malo otupira, nkundiuza kuti kuyambira pano phazi ili lisagunde pansi, ngakhale popita kubafa.

Fupalo dzina lake ndi talus. Ine ndinali ndisanalimvepo chibadwire, ndipo ndikhulupirira ambiri amene mukuwerenga simunalimvepo. Anatulutsa phazi lapulasitiki la mafupa okhaokha mu kabati, kundipatsa m'manja kuti ndiligwire. Kafupa kake n'kakang'ono, kokwana m'chikhatho, kamakhala pakati, pamwamba pake pakhala mafupa awiri a mwendo, pansi pake pali fupa la chidendene, kutsogolo kalumikizana ndi mafupa a phazi. Kwa ife a matabwa ndinganene kuti ndi ngati kathabwa kamene kalandira mtengo wonse wa denga pamwamba pa khoma, kakang'ono koma kulemera konse kumadutsa pamenepo, kakasweka denga lonse lapendama. Ndi kamene kamapangitsa kuti phazi lizikwera ndi kutsika, komanso kuti lizipendekera uku ndi uku mukamayenda pa miyala ngati njira zathu za ku Chikanda kapena pokwera ku Chawe.

Chomwe chinandiopsa ndi nkhani ya magazi. Anati fupa ili ndi losiyana ndi anzake, palibe mnofu ngakhale umodzi womwe unamera pa ilo, ndipo gawo lalikulu, kuposa theka, linakutidwa ndi chicherewecherewe, choyera choterera chija mumachiona kumapeto kwa fupa la nkhuku. Pomwe pali choterera chimenecho mitsempha ya magazi silowa. Nde magazi amalowera malo ochepa, makamaka cha pakhosi pake ndi kunsi, ndipo khosi lomwelo ndi lomwe limakonda kuthyoka munthu akagwa mmene ndinagwera ine. Likathyoka nkusuntha mitsempha ija imatha kuduka, mbali ya fupa nkutsala yopanda magazi nkufa, kenako nkumafumbutuka pang'onopang'ono mkati, munthu nkukhala ndi ululu moyo wake wonse. Anandiuzanso kuti madokotala akale ankakutcha kuthyoka kwa oyendetsa ndege, chifukwa nthawi ya nkhondo yoyamba ya dziko lonse ndege ikagwa phazi lili pa chopondera fupa limeneli ndi lomwe linkasweka, masiku ano ndi ngozi za galimoto phazi lili pa buleki, njinga zamoto, ndi ife ogwa pa madenga ndi m'mitengo.

Mwina wina anena kuti zonsezi zikukhudzana bwanji ndi kuyamikira kiliniki. Kwa ine apa ndi pomwe pagona nkhani. Akanangondiuza kuti musaponde, ndikudzidziwa, sabata yachiwiri ululu utachepa ndikanayamba kupondako pang'ono, ntchito ikudikira, ana akufuna fizi. Koma poti ndinaligwira fupalo m'manja nkumvetsa kuti ndikasuntha khosi lija ndadula magazi ndekha, ndinamvera. Mphindi zomwe anatha pondifotokozera ndi zomwe ndinalipira, mankhwala ndikanagula pena paliponse.

CT ndinakajambulitsa ku Blantyre. Ulendo wake ndi makilomita opitirira 60, pa minibasi ndi phazi la chikhakha si masewera, ndinalipira mipando iwiri kuti nditambasule mwendo, ndipo pa Thondwe ndi pa Namadzi pomwe amaima kutsitsa ndi kukweza ndimachita kutchinga phazi ndi manja kuopa katundu wa anthu. Apa ndi pomwe pali dandaulo langa loyamba. Kiliniki inandipatsa kalata yokha, sanandiuze kuti kumeneko ndikafunika kusungitsa malo kaye kapena kuti ndalama yake ikhala yochuluka bwanji, ndinafika nkuuzidwa kuti bwerani mawa, tinagona kwa abale ku Ndirande. Foni imodzi yokha yochokera kwa iwo ikanatipulumutsa tsiku lathunthu ndi ndalama ya thiransipoti. Munthu wodwala phazi simungomutumiza ngati mukutuma mwana kugolosale.

Zotsatira zitabwera zinaonetsa kuti khosi la talus lathyokadi, mzere wodutsa mbali yonse, koma mwa chisomo cha Mulungu silinasunthe. Adokotala anati kuthyoka kwa khosi limeneli anakugawa m'magulu, dokotala wina dzina lake Hawkins ndi amene anayamba kugawa chonchi mu 1970, gulu loyamba ndi pomwe fupa lathyoka koma lili m'malo mwake, magulu enawo ndi pomwe lasuntha nkuguluka pa mfundo imodzi, ziwiri kapena zonse zitatu, ndipo mukamakwera gulu mpata woti fupa life umakulanso. Langa linali gulu loyamba. Anandiuza mosabisa kuti likanakhala losuntha ngakhale pang'ono sakanandisunga, akananditumiza ku opaleshoni kuti akalibweze m'malo nkulimanga ndi masikuluwu, zomwe zimachitikira kuzipatala zazikulu ngati Queens ku Blantyre kapena chipatala cha mafupa cha LION ku Lilongwe, ndipo loguluka kwenikweni silidikira mawa, amalibweza tsiku lomwelo chifukwa limakankha khungu ndi mitsempha. Ichi ndinachikonda, munthu wodziwa pomwe mphamvu zake zathera. Apulaiveti ena akanakukakamira kuti ndalama isapite kwina.

Kutupa kutachepa anandiika chikhakha chathunthu, kuchokera kunsi kwa bondo mpaka kuzala. Ndinaonerera mmene amamangira, poti ndine munthu wa manja ndimadziwa ntchito yothamangira ndi ntchito yoikapo mtima. Anayala thonje lokwanira pa mafupa otuluka a kakolo ndi pa chidendene, phazi analiimika bwino osati lolozera pansi, nesi atagwira zala, ndipo m'mphepete anapinda bwino kuti musandicheke. Masabata onse aja sichinandipweteke pena paliponse, sichinasweke. Anandichenjeza kuti zala zikachita dzanzi, zikasintha mtundu kapena ululu ukakula mwadzidzidzi ndibwere nthawi yomweyo ngakhale usiku, chimodzimodzi katumba akayamba kupweteka ndi kutupa kapena kubanika pachifuwa, chifukwa mwendo wongokhala magazi amatha kuundana. Phazi lizikhala pamwamba pa mapilo. Osalowetsa kamtengo kapena waya mkati pokanda, ngakhale kuyabwe bwanji, ndipo kumayabwadi mwezi wa October kuno. Anandifunsanso ngati ndimasuta, ndinati pang'ono, anati siyani lero, fodya amafinya timitsempha tomwe fupa lanu likudalira. Ndinasiya ndipo mpaka pano sindinabwerereko.

Ndodo zoyendera ndinagula pompo, ndipo apa pali dandaulo lachiwiri. Ndodozo ndi zachitsulo chopepuka, zosintha kutalika, mayi wa fizio anandiyeza bwino nkundiphunzitsa kuti kulemera kuzikhala m'manja osati kukhwapa, komanso kakweredwe ka masitepe. Koma mphira za kunsi zinatha pasanathe mwezi, imodzi inabooka chitsulo nkutulukira, tsiku lina pa simenti yonyowa kunyumba ndodo inatsetsereka ndinatsala pang'ono kupondera phazi lodwala lija. Nditapita kukafunsa mphira zina anati zatha, tiodetsa, mpaka ndinasiya ndodo sizinabwere. Ndinachita kupita kwa osoka nsapato mumsika kundidulira tayala nkumangirira. Ngati mukugulitsa ndodo sungani mphira zake, ndi kanthu kakang'ono koma ndi komwe kagwira moyo wa munthu.

Chachitatu, ndipo ichi chinandiwawa ulendo uliwonse, pakhomo pa kiliniki pali masitepe atatu opanda chogwirira, palibe njira yotsetsereka ya njinga ya olumala. Malo oona anthu othyoka miyendo! Ine ndi mwamuna wa mphamvu zanga ndimakwera movutika, tsiku lina ndinaona agogo ena akunyamulidwa ndi adzukulu awiri ngati thumba. Ndinawauza eni ake kuti matumba ochepa a simenti ndi paipi imodzi ntchito yatha tsiku limodzi, anati nyumbayo ndi ya lendi tikambirana ndi alandilodi. Mpaka ulendo wanga womaliza masitepe anali momwemo. Nthawi nayonso sasunga kwenikweni, akakuuza 9 koloko udziwe kuti ulowa cha m'ma 11, ngakhale pena ndimamvetsa chifukwa mmene amachedwera ndi ine ndi mmenenso amachedwera ndi wina.

Tsiku lomwe sindidzaiwala ndi la X-ray ya sabata yachisanu ndi chiwiri. Anali atandiuza kale kuti pakati pa masabata 6 ndi 8 pali chizindikiro chomwe amayang'ana, kamzere kakuda kopyapyala kunsi kwa denga la fupalo. Zimamveka zosemphana koma kamzereko ndi nkhani yabwino, fupa likakhala osagwira ntchito thupi limachotsako pang'ono mchere wake, ndipo lingachotse pokhapokha ngati magazi akufika. Fupa lakufa limangokhala loyera mbuu osasintha. Usiku wake sindinagone, mayi a ana anapemphera mpaka mochedwa. Filimu itakwera pa galasi adokotala anakhala chete kanthawi, kenako analoza ndi cholembera nkunena kuti bambo, onani apa, fupa lanu lili moyo. Ulendo uno ndinakaona ndi maso anga kamzereko, kopyapyala ngati mzere wa pensulo pa thabwa. Misozi inalengeza, sindibisa.

Komabe sanandilole kuponda. Chikhakha chinachoka patatha masabata 8, nkundipatsa buti ija yomanga ndi malamba yomwe umatha kuvula posamba, ndipo kuponda ndinayamba pang'onopang'ono pafupifupi mwezi wachitatu, X-ray ina itaonetsa kuti mzere wothyoka watsekeka. Butiyo ndi yodula, ndalama yake ndikanagula malata angapo, koma ndi yabwino, imakulola kutulutsa phazi nkumaligwedeza pomwe chikhakha sichilola. Vuto lake ndi loti ndi yaitali kunsi nde umayenda chopendama, msana umapweteka, mayi wa fizio anandiuza kuti phazi linalo ndizivala nsapato yokhuthala kunsi kuti zifanane, zinathandiza.

Mwendo utatuluka m'chikhakha ndinachita mantha, katumba yense anafota kutsala ngati wa mwana, khungu likusupuka, kakolo kouma gwa ngati chitseko cha mahinjesi a dzimbiri. Apa ndi pomwe mayi wa fizio anagwira ntchito, ndipo ngati pali munthu woyenera kukwezedwa malipiro pa kiliniki ija ndi iwowo. Zipangizo alibe zambiri, njinga imodzi yopalasa pamalo, malamba a mphira, kathabwa kopendama, basi. Koma amakhala nawe, osati kukusiya pa makina iwo ali pa foni. Anayamba ndi kundijambulitsa zilembo m'mwamba ndi chala chachikulu, kukoka phazi ndi thaulo, kutola timiyala ndi zala, kenako kuponda pa sikelo kuti ndione makilogalamu angati ndikuika pa phazi, sabata iliyonse kuonjezera pang'ono. Pambuyo pake kuima ndi mwendo umodzi nditagwira khoma, kenako osagwira, kenako pa pilo. Tsiku lina ndinafika phazi litatupa chifukwa ndinayenda wapansi kuchokera ku depoti, anandikalipira ngati mlongo wanga, achimwene mukufuna tibwerere poyambira? Atadziwa kuti ndalama yandithera anandilembera zochita kunyumba pa pepala ndi zithunzi zojambula pamanja, nkundiuza kuti ndizibwera kamodzi pa masabata awiri m'malo mwa kawiri pa sabata. Sanandikakamize kulipira maulendo omwe ndikanatha kuchita ndekha.

Za mitengo, si malo otchipa, tisanamizane. Kuonana ndi adokotala, X-ray iliyonse, chikhakha, fizio, chilichonse chili ndi mtengo wake, ndipo ukaphatikiza ndi miyezi yomwe sukugwira ntchito zimafika pakhosi, ife tinagulitsa mbuzi ziwiri kumudzi ku Songani. Koma risiti amapereka pa chilichonse ndipo amakuuza mtengo asanayambe, sindinapezepo ndalama yobisika. Amene alibe ndalama asakhale kunyumba chifukwa cha zimenezi, ku Zomba Central kuli mbali ya mafupa ndipo ndi chipatala cha boma, chofunika n'choti phazi lijambulidwe ndipo mufotokoze mmene munagwera. Mukagwa kuchokera pamwamba kapena pa njinga yamoto, phazi latupa, simukutha kuponda masitepe anayi, musalole kuti zithere pa bandeji. Palinso kachidutswa ka m'mbali mwa fupa lomweli, cha kunja kunsi kwa kakolo, komwe kakathyoka kamafanana ndendende ndi kubinya, anthu amathowa miyezi osadziwa.

Ndikati ndipereke mamalikisi, pa kupeza vuto, kufotokoza ndi fizio ndiwapatsa onse. Pa masitepe, mphira za ndodo, kusunga nthawi ndi katumizidwe ka ku Blantyre ndichotsa imodzi yathunthu, nde 4 pa 5. M'bale wanga atavulala phazi ndingamutengere komweko osaganiza kawiri, kungoti ndingayambe ndaimba ndekha ku Blantyre.

Pano patha miyezi isanu ndi iwiri. Ndimayenda opanda ndodo, m'mawa kakolo kamauma mpaka nditayendako pang'ono, kukazizira kapena ndikayenda pa miyala kamandikumbutsa, ndipo kunjuta bwinobwino sindinayambe. Adokotala anandiuza poyera kuti mfundo ya pakati pa talus ndi chidendene imatha kudzayamba nyamakazi patsogolo ngakhale fupa litalumikizana bwino, ndiponso kuti nkhani ya magazi ija amaiyang'anira mpaka chaka kapena ziwiri, nde ndili ndi X-ray ina miyezi ikubwerayi. Padenga sanandilolebe. Ndikupanga zitseko ndi mafelemu pansi pa mtengo wa mango kunyumba, anyamata ndi amene akukwera, ine ndimaima pansi nkumawakuwira kuti adikire mame aume kaye.